Masamba a pa Msewu wa ku Kaphuka

M'ma 1980: dzina ndi ntchito yoyamba

Ana anga, amayi anu akuti chipumireni pa ntchito ndangosanduka munthu wosowetsa mtendere nkhuku ndi zidzukulu, ndiye andilamula kuti ndikhale pansi ndilembe mbiri yanga. Za ubwana sindilemba, poti agogo anu anakuuzani kale, ndipo anawonjezeramo zawo. Ndingotchulako chinthu chimodzi cha ku sekondale, chifukwa popanda icho simungamvetse chifukwa chake anthu mpaka lero amanditcha Masamba, pamene dzina langa la ubatizo ndi Lenadi.

Ndili Fomu 3 pa sukulu ina ya kufupi ndi kwathu ku Kabwazi, tinali ndi ahedi okonda kulawira pa njinga yawo yakuda, n'kukaima pachipata ndi chikoti kudikira ochedwa. Ife a kutali, oyenda m'nkhungu ndi m'mame, chikoticho tinkachidya ngati phala la m'mawa. Tsiku lina ndinathyola nthambi za msuku n'kuziyala pamsewu monga timachitira pakagwa maliro. Mwambo wake mukuudziwa: ukaona masamba, galimoto imayenda pang'onopang'ono, wa njinga amatsika, chipewa chimavulidwa, mpaka utadutsa masamba ena osonyeza kuti wapitirira pa siwa. Ahedi anatsika, anavula chipewa, nayamba kukankha njinga nkhope ili yachisoni. Koma ine masamba achiwiriwo ndinali nditakawayala kuseri kwa chitunda, patali ndithu. Ochedwa tonse tinadulira m'minda ya kachewere, ndipo ahedi pofika anatipeza tili m'kalasi, tikuwerenga ngati angelo. Amene anandiulula anali pulifekiti wathu, mnyamata wanzeru wosadziwa kuseka, dzina lake Jelevaziyo Nyongani. Anandikumbitsa dzenje la zinyalala lofika m'khosi, kunyumba abambo anamalizitsa mbali yotsala. Koma ndikakumbukira nkhope ya ahedi akulira maliro opanda mtembo, mpaka lero ndimaseka ndekha, nthawi zina ngakhale m'tchalitchi.

Fomu 4 ndinamaliza, satifiketi ndinapeza, yotsimphina koma yoyenda. Jelevaziyo anapita ku yunivesite. Ine abambo mfumu a pa parishi, amene ankati mwana wopusitsa anthu mutu ali nawo, wangosowa choti usenze, anandipezera malo pa koleji ina ya mpingo m'munsi mwa Phiri la Dedza, kuti ndizithandiza dalaivala wa lole. Bwana wanga woyamba anali a Mataka, munthu wamfupi wa mawu ngati hutala. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ndiwe uja unayendetsa ahedi wapansi?"

"Anayenda okha, bambo. Ine ndinangothyola masamba."

"Tamvera," anatero osamwetulira. "Galimoto si ahedi ako. Ukaipusitsa pa oyilo, iyo idzakupusitsa pa chitunda."

Ndinatsuka loleyo, ndinapopa matayala, ndinagona pansi pake kumanga mabawuti zala zitauma ndi chisanu cha Juni, mpaka a Mataka anandikhazika pa chiwongolero. Anali munthu wabwino, moti chule m'chipewa mwawo sindinkawaikira kawirikawiri. Popuma pa ntchito anandisiyira makiyi ndi langizo lakuti dalaivala khutu lizikhala lotsegula, pakamwa potseka. Mbali yoyamba ya langizoli ndinaisunga bwino kwambiri.

M'ma 1990 ndi kutsogolo: sukulu ya pa chiwongolero

Koleji ija inakula, inagula basi, kenako inasanduka yunivesite. Maphunziro anagawidwa m'nthambi zitatu. Iliyonse inali ndi dzina lalitali la Chingerezi lolembedwa pakhomo, koma ife ku galaja tinali ndi mayina athu. A sayansi tinkawatcha a Mabotolo. Amenewa ndi a bayoloje, kemisitire, fizikisi, masamu ndi za nthaka. Pokwera basi ankabwera ndi mabotolo, timaukonde togwirira agulugufe ndi nyundo zoswera miyala, ndipo pobwerera basi yonse inkanunkha matope a m'dambo. Ophunzira za chikhalidwe cha anthu, za chuma, za ndale ndi za maganizo a munthu tinkawatcha a Mafunso, chifukwa ukawatsitsa pamudzi sankasiya munthu kupuma: mumadya kangati, mbuzi amagulitsa ndani m'nyumba muno, ana mukufuna angati. Mayi wina ku Kaphuka anawafunsapo kuti, "Kodi inu mayankho mumakawataya kuti, poti chaka chilichonse mumabweranso ndi mafunso omwewo?" Nthambi yachitatu inali ya mbiri yakale, zinenero, filosofi, zachipembedzo ndi zolembalemba. Awa tinkawatcha a Malemu, popeza aliyense amene ankamutchula m'basi, ukafunsa kuti amakhala kuti, ankakuuza kuti anamwalira kalekale.

Onsewa ankaphunzitsana basi ikuyenda, ine ndili tcheru. Lolemba ndimve chifukwa chake paini amakula bwino m'phiri koma pansi pake sipamera kanthu. Lachitatu ndimve chifukwa chake mtengo wa kachewere umagwa nthawi imene aliyense wakumba. Lachisanu ndimve munthu akufunsa mnzake kuti akudziwa bwanji kuti basi tikwerayi ilipodi, ine n'kumuuza kuti atsike ikuyenda akaone. Kungoti phunziro lililonse ndinkamva chiyambi chake, mapeto ake injini inkawameza pa chitunda. N'chifukwa chake bambo anu amadziwa theka la chilichonse.

Zaka zina ananditumiza ku ofesi ya ku Lilongwe kukayendetsa galimoto ya mkulu wa yunivesite. Kutentha, mizere ya magalimoto, bwana wongowerenga nyuzipepala kumbuyo osanena kanthu. Ndinawonda. Nditapempha kubwerera ku basi yanga, anzanga anati ndapenga, kusiya galimoto yotulutsa mphepo yozizira. Ndinawauza kuti kwathu ku Dedza mphepo yozizira ndi yaulere.

Pobwerera ndinapeza a Mabotolo ali ndi mkulu watsopano, katswiri wa nthaka ndi miyala, Dokotala Nyongani. Jelevaziyo yemwe uja, atavala taye. Anandizindikira pomwepo.

"Masamba, udakali moyo?"

"Ndilipo, Adokotala. Dzenje munandikumbitsa lija linandilimbitsa msana."

Sanaseke. Kuseka sanakakuphunzire ngakhale kunja kumene anapita. Koma ndinene zoona, anali munthu wolungama, wolimbikira ntchito, ndipo ophunzira ake ankakhoza. Vuto lake linali limodzi: ankakhulupirira kuti phunziro losalowa m'botolo si phunziro.

Munthu wina amene muyenera kumudziwa ndi Mayi Nankhoma, mphunzitsi wa mbiri yakale, mayi wamtali wovala chitenje ndi nsapato zatenesi, amene ankanditchula kuti achimwene. Chaka chilichonse ndinkawapititsa ndi ophunzira awo kumapiri a cha ku Kaphuka, kumene kuli mapanga okhala ndi zojambula za makolo, zina zofiira zina zoyera. Asanakwere phiri ankayamba afika kaye kwa gogo Nangondo, namkungwi wakale wa atsikana, mayi wolusa, wofulula mowa, amene ankadziwa tanthauzo la zojambulazo ndipo ankaulula pang'onopang'ono ngati akudontheza mankhwala m'maso. Ife amuna ankatipirikitsa: "Inu a ndevu, kaoneni matayala!" Mayi Nankhoma ankawatengera shuga ndi fodya wamphuno, ankawatungira madzi, ndipo gogoyo akadwala ankakwera matola kukawaona popanda ntchito ya sukulu.

Chaka chimene dizilo anasowa

Chaka chimenecho mukuchikumbukira, chifukwa ndinkapita kukaima pa mzere wa mafuta n'kubwerako ndi zigubu zopanda kanthu. Yunivesite inalowa m'mavuto, ndipo akuluakulu analamula kuti maphunziro achepe. Anakhazikitsa komiti yoti isankhe maphunziro amene apitirire kuperekedwa chaka chotsatira, ndipo wapampando wake anali Dokotala Nyongani. Lamulo linali lakuti phunziro la ophunzira ochepa, ngati silinachite ulendo wake wa kumudzi kapena kutchire umene unali mbali ya mayeso, lichotsedwe. Mbiri yakale inali ndi ophunzira ongokwana pa mipando ya kumbuyo kwa basi, chifukwa makolo ambiri ankauza ana awo kuti mbiri siigula feteleza. Phunziroli likanachotsedwa, ntchito ya Mayi Nankhoma ikanatha, ndipo ana aja akanakankhidwira ku maphunziro amene sanasankhe.

Teremu ikupita kumapeto, ndinapeza dizilo wa ulendo umodzi wokha. Nthambi zonse zitatu zinali zitapempha basi. Ku ofesi kunachokera lamulo lomveka bwino: Lachisanu basi ipite ndi ophunzira za nthaka okha, kumapiri a ku Kaphuka kukatenga dothi ndi miyala, ena onse adikire. Kudikira chiyani teremu ikutha? Lachitatu masana Mayi Nankhoma anandipeza ku galaja ndikusefa dizilo ndi kansalu.

"Achimwene, ndamva kuti basi yapita kwa a miyala."

"Yapita, mayi."

"Phiri lomwelo limene ife timapita. Ndinawapempha Adokotala kuti tikhale nawo kumbuyo. Akuti basi ya sayansi si matola." Anakhala pa tayala lakutha, nayang'ana pansi. "Sindinabwere kudzakupemphani kanthu, muli ndi ana pa sukulu. Ndangobwera kudzatsanzikana ndi basiyi, poti chaka chamawa sindidzaikweranso."

Anaisisita pachitseko ngati ng'ombe yogulitsidwa, napita.

Madzulo ndinapeza amayi anu akusenda kachewere pakhonde. Ndinati, "Anaphiri, ndikachotsedwa ntchito mudzandisunga?"

"Mwayambanso chiyani, bambo a Tereza?"

Ndinawafotokozera. Ndinati a miyala sadzaza ndi theka lomwe la basi, ndipo dizilo sadziwa ngati wanyamula sayansi kapena mbiri.

"Nanga lamulo?"

"Lamulo likuti okha."

"Ndiye mwamva bwino. Tereza ali Fomu 3, Piyo ali Sitandade 8. Mukachotsedwa tidzadya masamba anu aja?"

Ankanena zoona. Ndinali wamkulu, wa imvi zoyamba, ndipo dalaivala wochotsedwa chifukwa chosamvera salembedwanso msanga. Anasenda kachewere wonse mpaka anatha. Kenako anapukuta mpeni pa chitenje nati, "Nkhope imeneyo ndikuidziwa, mwaganiza kale. Tengani mabulangete a m'nyumba muno, ndikabwerekanso ena kwa amayi a kwaya. Lachisanu kuzizira. Munthu wofunda bulangete sadziwika kuti amaphunzira chiyani." Ndiye mudziwe, ana anga, kuti khalidwe limene aphunzitsi anu ankadandaula nalo simunatengere kwa ine ndekha.

M'mawa mwake ndinauza Mayi Nankhoma kuti Lachisanu alawire ndi ana awo, adzakhale kumbuyo, afunde kumutu. Anati, "Zaloledwa?" Ndinati, "Zaloledwa ndi ine." Anati, "Achimwene, ntchito yanu." Ndinati ntchito yanga ndi kunyamula ophunzira, ndipo awonso ndi ophunzira. Ndinaitananso Bambo Kampango, mphunzitsi wa a Mafunso, ndi kagulu kawo, popeza nawonso ulendo wawo unali utalephereka. Ndinaganiza kuti ngati ndigwe, ndigwe nditasenza zonse.

Lachisanu lija

Kunacha ndi nkhungu yoti sungaone phiri. A Malemu ndi a Mafunso anali atakhala kale kumbuyo, atakulungidwa m'mabulangete ngati matumba a chimanga. A za nthaka anakwera akunjenjemera, nawonso atafunda zawo, ndipo palibe amene anafunsa mnzake. Adokotala anabwera pomaliza, atavala suti ndi magambuti, nakhala pampando wa pafupi ndi ine. Anatembenuka pang'ono nati, "Kodi kalasi yanga ndi yaikulu chonchi?" Ndinati, "Ndi mabulangete, Adokotala, amanenepetsa." Tinanyamuka.

Pa tala zonse zinayenda bwino. Titakhotera mu msewu wafumbi wa ku Kaphuka, Adokotala anaimirira nayamba kuphunzitsa. Analoza minda ya m'mphepete mwa phiri nati nthaka ikukokoloka chifukwa anthu a kumudzi safuna kumva malangizo. Apa ndi pamene zinthu zinawonongekera. Bambo Kampango anali munthu woti atha kupirira njala, koma osati mawu oterowo. M'bulangete lofiira la amayi anu munatuluka mawu: "Umboni wake uli kuti? Munawafunsa?" Basi yonse inaphulika ndi kuseka. Mabulangete anayamba kugwa, ndipo pampando womaliza panaoneka Mayi Nankhoma atakhala tsonga, manja ali pamiyendo.

Adokotala sanakuwe. Anakhala pansi nandiyang'ana monga anandiyang'anira tili Fomu 3.

"Tembenuza basi."

"Tikabwerera, Adokotala, dizilo wobwerezera ulendo palibe. Ana anu miyala saiona."

"Ndiye uwatsitse. Pano."

"M'nkhungu muno? Atsikana awa?"

"Masamba, ntchito yako yatha lero. Komiti idzamvanso kuti mbiri yakale imayenda mozembera. Ndati ima!"

Ndinaimadi, koma osati chifukwa cha iwo. Patsogolo pathu, pamene msewu umalowa m'mudzi wa gogo Nangondo, panali patayalidwa nthambi zaziwisi. Ndinavula kapu, ndinazimitsa injini. Adokotala anayang'ana masambawo, anayang'ana ine, nkhope yawo inasintha.

"Wayambanso!" anatero. "Ukuganiza kuti ndine ahedi aja? Ine ndinakudziwa uli mwana!"

"Adokotala, amenewo si anga."

Koma munthu amene anakugwirapo kamodzi samva. Anatsika, nayamba kukankha nthambi zija ndi magambuti, zina kuziponya m'ngalande, akufuula kuti maliro abodza iwo sawaopa. Ali mkati motero, m'nkhungu munatuluka amuna atanyamula makasu, mafosholo ndi mgwala. Anali adzukulu, okumba manda, akuchokera kumanda kudzamwa madzi. Ndipo kuseri kwa nyumba kunamveka nyimbo ya amayi a kwaya.

Mkulu wa adzukuluwo, bambo wamfupi wa chipewa chong'ambika, anazungulira Adokotala akuwayang'ana ngati mbuzi ya pamsika. "Anzanga, tayani makasu," anatero. "Bwana wa taye wachotsa masamba, ndiye kuti malemu adzuka. Bwana, mwawadzutsa ndi mankhwala anji? Tiuzeni, kumanda kuja kuli abale athu ambiri." Anzake sanaseke kwenikweni. Mnyamata wina anali atagwira mgwala molimba, ndipo anthu ankachuluka. Adokotala anabwerera m'mbuyo, nthambi ili m'manja.

Mayi Nankhoma anatsika, anamanga bwino chitenje, nafunsa motsitsa mawu kuti, "Pepani, watisiya ndani?"

"Gogo Nangondo."

Anangokhala pansi pamsewu pomwepo, m'fumbi lonyowa, nayamba kulira. Sikunali kulira kwa mlendo wopepesa, kunali kulira kwa mwana. Amayi a m'mudzi anathamangira, ndipo atawazindikira anayamba kuuzana kuti mwana wa agogo wafika, wamva bwanji, tinasowa womutuma. Atapuma pang'ono, Mayi Nankhoma anayenda chogwada mpaka pamaso pa mkulu wa adzukulu uja, nawomba m'manja.

"Awa ndabwera nawo ndine," anatero. "Sanadziwe. Mlendo akathyola mphasa mlandu ndi wa mwini nyumba. Mlandu wawo ndi wanga."

Ganizirani, ana anga. Munthu amene anawamana mpando, amene masiku ochepa kutsogoloku anali woti awachotsere ntchito, ndi amene ankamugwadira. Adokotala anamva zonse ataima pomwepo, nthambi imodzi idakali m'manja.

Mkulu uja anakanda m'mutu. "Mlandu wotere ndi wa mbuzi," anatero. "Koma inu mayi ndinu mwana wa pakhomo pano, sitingakulipiritseni pa maliro a amayi anu. Ndipo mwamuna wobwera ndi mwana wa pakhomo si mlendo, ndi mkamwini. Mkamwini salipira mbuzi, amagwira khasu. Akamwini, bwezerani masamba mmene munawapezera, muvule jekete. Kumanda takumana ndi mwala."

Adokotala anatola nthambi zija imodziimodzi, anaziyala pamsewu, anandipatsa jekete ndi taye, natsatira adzukulu. Anyamata a za nthaka anawatsatira, inenso ndinapita, poti zoterezi munthu sumafuna kudzangomva. Mandawo anali atafika m'chiuno, pansi pali thanthwe. Adzukulu anali atalimenya kuyambira m'mawa, likungotulutsa moto. Adokotala analowa, akunyozedwa mbali zonse. "Akamwini, manjawo ndi osendera nthochi!" "Musadetse malaya, akazi anu atimanga!" Iwo anagwada, anapukuta mwalawo ndi chikhatho, anautsata ndi chala mpaka anapeza mzere wake, napempha mgwala. Anamenya motsata mzerewo, mobwerezabwereza, thukuta likutsika m'chisanu chija, matuza akuphulika. Anali mwana wa mlimi, thupi linakumbukira. Mwala unang'ambika. Mkulu uja anakuwa, "Mkamwini wa sukulu ameneyu tisamubweze! Mupatseni munda!" Pamenepo adzukulu anaseka zenizeni, nawapatsa madzi m'chikho chawo.

Kumudzi, Bambo Kampango anauza ana awo kuti mapepala a mafunso abwerere m'zikwama. Atsikana anapita kukatunga madzi ndi amayi, anyamata anawaza nkhuni. Pambuyo pake Bambo Kampango anandiuza kuti tsiku limenelo anthu anawauza zambiri osafunsidwa, kuphatikizapo chifukwa chake amalima m'mphepete mwa phiri, kuposa zimene ankalemba zaka zonse. Ku manda, mbiri ya malemu itanenedwa, anapatsanso mpata Mayi Nankhoma kuti alankhule ngati mwana. Ananena zimene gogoyo anawaphunzitsa, zoti zinganenedwe pagulu, ndipo amayi okalamba ankavomereza, ena kuwakonza pamene aphonya. Ndinaona Adokotala ataima kumbuyo, manja atakulunga ndi mpango, akumvetsera.

Titaika maliro, mdzukulu weniweni wa gogoyo, mayi wa ana ake kale, anabwera nati, "Agogo ananena kuti mukadzabwera iwo kulibe, ndidzakukwezeni ndine kuphanga." Tinakwera tonse dzuwa litapendeka. Atsikana analowa mkati ndi mayiyo, ife a ndevu anatiuza kuti tikaone matayala. A za nthaka anatola dothi ndi miyala yawo m'munsi mwa phanga, atapempha kaye. Pobwerera dizilo anathera pachipata penipeni pa yunivesite, ndipo a Mabotolo, a Mafunso ndi a Malemu anakankha basi limodzi mpaka ku galaja.

Chaka chotsatira

Musaganize kuti ndinapulumuka. Adokotala anali munthu wa lamulo, ndipo anakanena zonse, kuphatikizapo za iwo eni. Anandiitana pamaso pa akuluakulu, nandifunsa ngati ndikupepesa. Ndinati ndikupepesa kuti basi inali yaing'ono, chifukwa a filosofi anatsala. Sanandichotse, koma anandilanda basi nandipatsa thirakitala yotuta nkhuni za ku khitchini. Chaka chathunthu ndinayenda pamtetete m'chisanu cha ku Dedza, ophunzira akundiimbira m'manja ndikamadutsa. Amayi anu anandilukira chipewa chaubweya, nati chimenecho ndiye digiri yanga.

Za komiti sindinamve kanthu, popeza pa thirakitala palibe wokuuza nkhani. Teremu yatsopano itayamba, Mayi Nankhoma anandipeza ndikutsitsa nkhuni. Kumbuyo kwawo kunali ana achilendo, ochulukirapo kuposa a chaka chatha. Anati, "Achimwene, awa ndi a chaka choyamba. Ndawabweretsa adzaone munthu amene anabisa mbiri yakale m'bulangete." Ndinakhala pa chikuni. Anandiuza kuti pa komiti ena anati ulendo uja unali wozembera, usawerengedwe, koma wapampando anayankha kuti iye analipo, ulendo unachitika, ndipo phunzirolo likhale.

Atandibwezera basi, ulendo wanga woyamba unali wa ku Kaphuka komweko, nthambi zonse zitatu pamodzi, ulendo uno mwa lamulo la ku ofesi. Adokotala anakhala pampando wawo uja. Titafika polowera m'mudzi wa gogo Nangondo, pamsewu panalibe kanthu, koma iwo anavula chipewa. Inenso ndinavula changa chaubweya.

Ndinati, "Adokotala, masamba a ku sukulu aja anali anga, ndipo ndingawayalenso. Koma a pano sanali anga."

Anayang'ana zikhatho zawo. "Ndikudziwa, Lenadi," anatero. "Ndinakumba ndekha."

Kutsogolo mkulu wa adzukulu uja anali ataima m'mphepete mwa msewu ndi khasu paphewa. Atationa anakuwa mudzi wonse kumva: "Anthuni, akamwini abwera! Munda wawo wamera tchire!" Ndinayang'ana kumanzere kwanga, ndipo Jelevaziyo Nyongani, pulifekiti wathu, anali akuseka.